Buku Lobisidwa Pakati pa Mainjini

Buku lija linasocheranso Lachinayi. Kanali kachitatu mlungu womwewo, ndipo Amayi a Manambala, monga ankawatchulira ana asukulu, anaima pakati pa mashelefu atagwira m'chiuno.

M'mawa uliwonse asanatsegule laibulale ankayendetsa chala pamisana ya mabuku, kuwerenga timapepala toyera tomatidwa m'munsi mwake. Zaka makumi awiri pantchitoyo zinawaphunzitsa kuti buku loikidwa pamalo olakwika n'chimodzimodzi lobedwa: lilipo, koma wolifuna abwerera chimanjamanja. Ndipo tisanamizane, amene anakonza dongosolo limeneli ngofunika kuwavulira chipewa. Nzeru zonse anazigawa m'mabanja khumi, banja lililonse n'kuligawanso pakhumi, mpaka buku lililonse linapeza pakhomo pake. Zachipembedzo zili m'ma 200, zilankhulo m'ma 400, mbiri yakale m'ma 900. Sayang'ana kuti buku n'lalitali kapena n'lonenepa, amangofunsa kuti likunena za chiyani, basi. Ukapeza limodzi, abale ake amakhala pomwepo, kumanja ndi kumanzere.

Nanga ili la 616, banja la matenda, linkafuna chiyani pa 629, pakati pa mabuku a mainjini a galimoto? Amayiwo analitsegula. Linali lonena za abambo amene akulephera kubereka, ndipo m'mphepete mwa tsamba lina munadinda chala cha oilo wakuda.

Munthu wa zala zotere amene ankabwera masana alionse anali mmodzi yekha, mkamwini wawo, makaniko wa pagalaja ya kutsidya kwa msewu.

Makanikoyu anali atakhala m'banja ndi mwana wawo wamkazi zaka zisanu ndi chimodzi popanda mphatso ya mwana. Achibale a mwamunayo ankaloza chala mkazi, monga mwa masiku onse, ngati kuti mwana amaumbidwa ndi munthu mmodzi. Amayiwo nawonso anali atamududuza mwana wawo kuzipatala zitatu, ndipo anayamba kuchita nazo manyazi pozikumbukira. Lamlungu lapitalo mwanayo anawauza akulira kuti watopa, angochoka kuti mwamuna wake apeze wina wobereka.

Anakumbukanso tsiku limene mkamwiniyo anawafunsa kuti, "Amayi, munthu akafuna buku koma sakufuna kufunsa aliyense, amatani?" Iwo, pokondwa kuti wina wafunsa za ntchito yawo, anamuimika pa tchati cha pakhoma theka la ola kumufotokozera mabanja onse khumi. Mnyamata wa mutu wakuthwa, anagwira tsiku lomwelo. Koma kumufunsa chimene ankafuna, ayi, sanaganizeko n'komwe.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, makaniko analowa atavala ovololo yake, nawapatsa moni mwaulemu, n'kulunjika pa 629. Amayiwo anamusiya afufuze kaye. Ataona kuti wayamba kutuluka thukuta, anapita pang'onopang'ono n'kuima pambali pake.

"Labwerera kwawo, bambo," anatero motsitsa mawu. "Lili pa 616, shelefu yachitatu."

Makaniko anauma ngati mtengo.

"Ndimalibisa kuno chifukwa munthu akandiona pamainjini sadabwa," anayankha. "Koma kuja, amayi, aliyense wodutsa angadziwe." Kenaka anatsitsa mawu. "Ndinakayezetsa miyezi iwiri yapitayo. Vuto ndi ine. Kunyumba sindinanene, mawu ake akundikanika."

Amayiwo anakwiya, ndipo kukwiya kwake kunali koona. Miyezi iwiri mwana wawo akudziimba mlandu, wodziwa zoona ali chete pambali pake! Komabe chifundo chinawagwira, pakuti amuna angati amene angadzitengere okha kuchipatala pankhani yotere? Ambiri amalolera kusintha akazi ngati malaya.

"Tiyeni kuno," anatero.

Anamutsogolera pa 616 n'kuika chala pa buku lake lija. "Mwakhala mukuwerenga ili lokha, lomwe linalembedwa inu musanayambe sukulu. Mukanaliwerengera pamalo pake, mukanaona anzake. Taonani kumanjaku."

Panali ena anayi. Lina linali latsopano, la chaka chathachi, lofotokoza zimene madokotala amatha kuchita ndi zimene satha. Lina linali lothandiza mwamuna ndi mkazi kukambirana nkhaniyo popanda kulozana zala. Makaniko anapukutira manja pa ovololo asanawakhudze.

"Onsewa anali pompano?"

"Masiku onsewa. Amene anawaika pamodzi ankadziwa kuti wofuna ili adzafunanso awa, ngakhale iye mwini asakudziwa. Inu munalichotsa pakati pa abale ake, n'kukavutika nalo nokha kumainjini. Mutu umodzi susenza denga, bambo."

Makaniko anaseka pang'ono, koma misozi ikulengeza m'maso.

"Sindikulonjezani kuti mupezamo mwana," amayiwo anapitiriza. "Ine ntchito yanga ndi manambala. Koma dziwani kuti mkazi wanu walongedza kale theka la zovala zake, ndipo akuganiza kuti akukuchitirani zabwino. Kwa ine simva kanthu. Akamve kwa inu."

Amayiwo anabwerera patebulo lawo. Panali mzere wa anthu atatu, ndipo wakumapeto anali mayi wogulitsa zipatso, mnansi wa makanikoyo, amene pakamwa pake sipagona nkhani. Amayiwo anaganiza kuti mkamwini wawo adikira mzere uthe, kapena azemba.

Sanazembe. Anabwera ndi mabuku awiri n'kuima kumbuyo kwa mnansi uja, zikuto zili poyera. Mnansiyo anacheuka, nawerenga mutu wa lapamwamba, nakweza nsidze. Makaniko anamupatsa moni ngati palibe kanthu.

"Masabata awiri," anatero amayiwo podinda tsiku lobweza.

"Mwina tidzapempha ena awiri, amayi. Tiziwerenga tonse awiri, ine ndi mkazi wanga, ndiye tizichedwa."

Anamuyang'ana pawindo akutuluka. Nthawi ya nkhomaliro inali itatha, koma sanawoloke msewu kupita kugalaja. Anakhotera kumanzere, kumene mkazi wake ankasokera zovala.