Njinga Yamoto ya ku Chipangali

M'chaka cha 1994 mphunzitsi Lyford Tembo anamusamutsira ku sukulu ina ya ku Chiparamba, koma nyumba ya mphunzitsi kumeneko kunalibe. Banja linatsala m'tauni ya Chipata, iye n'kumapalasa njinga m'mawa ndi madzulo mpaka mawondo anayamba kumuwawa. Ndiye pamene mlamu wake Stanley, woyendetsa thirakitala pa famu ya fodya ku Chipangali, anamutsitsira njinga yamoto pa lole, Lyford anaona ngati mapemphero ake ayankhidwa.

Inali njinga yampikisano, zija zodumpha zitunda, yaitali msinkhu, matayala ake a mano akuluakulu. Mwana wa mwini famu anaisiya m'shedi popita kunja, nkhuku n'kuisandutsa pogona. Stanley anati injini ndi yamoyo ndithu, ikungofuna madzi ndi sopo.

Madzi ndi sopowo anangoulula kukula kwa ntchito. Pansi pa zitosi panali matope ouma gwa, pansi pa matope panali dzimbiri. Tchuthi chonse cha Ogasiti Lyford anathera pakhonde. Anamasula mpando, thanki ndi mawilo, mabawuti n'kuwayala pa chiguduli. Tcheni anachiviika m'parafini, m'beseni limene mkazi wake Jesca ankachapiramo matewera a mwana wawo Zelipa. M'thanki anathiramo madzi ndi timiyala n'kumaikhutchumula mpaka mikono kuchita dzanzi, koma akatsanula, madzi ankatulukabe ofiira. Jesca ankadandaula kuti m'nyumba monse mukununkha petulo, ngakhale tiyi amene.

Zipangizo ndiye zinamuyendetsa. Sitolo iliyonse ya m'tauni ankamuuza kuti zoterezo sasunga, akayese ku Lusaka. Anatuma mnzake wopita ku Lilongwe kuti amugulire waya wa kalachi, koma waya unabwera waufupi, moti anachita kuulumikiza ndi waya wa mabuleki a njinga yopalasa.

Atamanga zonse, njinga inawala moti anthu odutsa ankaima n'kumaiyang'ana. Koma kulira ayi. Akaponda chopondera inkangotsokomola. Anaponda, anaponda, mpaka chopondera chinabwerera n'kumumenya pamsongolo, natsimphina sabata yonse. Anayesa kuikankha pamtsetse wa kuseri kwa tchalitchi, osaphula kanthu, n'kuvutikanso kuikweza pobwerera. Kabuleta, yosakaniza petulo ndi mpweya, anaimasula ndi kuitsuka kangapo konse. Tsiku lina, mtima utamuwira, anazula paipi ya utsi n'kuiponya pansi. Munakhuthuka zibuma za dothi: mavu anali atamangamo zisa mpaka kutsekeratu.

Limenelo linali Lachinayi, ndipo amayi a Chigwirizano a kutchalitchi anali pabalaza, popeza mapemphero anagwera kwa Jesca. Lyford sanaganize n'komwe za iwo. Anabwezera paipi, naponda kamodzi. Njinga inalira ngati munthu akung'amba lata, utsi wabuluu n'kulowera pawindo. Nyimbo inadukira pakati. Jesca anatuluka atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Zelipa, masiku onsewa mwasankha lero?"

"Ndikaizimitsa mwina siiliranso. Auzeni apirire pang'ono."

Amayiwo anakamalizira mapemphero pansi pa mtengo wa mango kwa aneba, ndipo Jesca anakhala masiku angapo akumuyankha mwamuna wake ndi mutu wokha.

Sukulu zitatsegulidwa m'pamene Lyford anaona zinthu zimene kutsuka sikungakonze. Njingayo inalibe nyali, inalibe choimikira, inalibenso pomangirira katundu. Akakwera, zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkagunda pansi. Mabuku anachita kuwabereka kumsana. Komabe atasiya msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi, njinga inaonetsa chimene inabadwira. Mabampu ndi maenje amene ankamuthyola msana inkangowadumpha. Anapitirira lole ya thonje, ndipo anadzimva akuseka yekha mokweza.

Chisangalalocho sichinapite patali. Atangodutsa theka la ulendo, njinga inatsokomola, inanjenjemera, kenako zii. Atatsegula thanki anapeza mouma. Kathanki kake kanali koyenera kuzungulira bwalo la mpikisano, ndipo injiniyo inkamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe.

Anayamba kukankha, dzuwa likukwera. Lole ya thonje ija inamupeza, n'kumusiya m'fumbi. Pomaliza mlimi wina wopita kudimba anamumvera chisoni, ndipo anathandizana kukweza njingayo pangolo. Umo ndi mmene Lyford analowera pasukulu: atakhala pangolo ya ng'ombe, atakumbatira njinga yampikisano kuti isagwe, buluku lili mafuta okhaokha. Ana anatuluka m'makalasi onse kudzaonerera, ndipo belu linalira popanda wolimvera.

Mphunzitsi wamkulu, a Matiyasi Zulu, anaizungulira njingayo manja ali kumbuyo. Anati ndi yokongola kwambiri, koma ikaikidwe kuseri kwa nyumba yawo kuti maphunziro apitirire.

"Mawa, aphunzitsi, mubwere pa ija yopalasa. Ija siichedwa."

Ataweruka anafunsa petulo m'magolosale onse a pafupi, koma ankangomupatsa parafini. Anaisiya njingayo komweko n'kuuyamba wapansi. Anafika kunyumba dzuwa litalowa, nsapato zili m'manja. Jesca anamuyang'ana, anayang'ananso kumsewu. Anatereka madzi oti athowe mapazi. Lyford anakhala pampando akulingalira kuti ku msika wa Kapata ndani angamuwotcherere thanki yaikulu.