Mapazi a Apongozi

Telala anali akufinya nsalu zogonera za apongozi ake aamuna odwala pamene alendo anagogoda pakhomo. Anali mai busa ndi mkulu wa mpingo wina wamtali, amene mpango woyera sunkachoka m'dzanja lake. Anawakhazika pamipando yabwino ya pabalaza, iye n'kukhala pakampando ka makina osokera, manja ali chinyowere. Chitseko cha chipinda cha wodwala chinali chotsegula pang'ono, ndipo mkulu uja atangokhala pansi, mpango unathamangira kumphuno ngati wagwidwa chimfine mwadzidzidzi.

Amuna ake a telala anatuluka kuchipinda atamanga kale tayi, umboni woti ulendo wa alendowo ankaudziwa. Anali kalaliki pa sitolo ya zitsulo, ndipo ku mpingo anali dikoni. Anthu ankangowatchula kuti a Kwalembedwa, chifukwa munthuyo sankatha kupempha ngakhale mchere osayamba watchula vesi. Anapereka moni wa manja awiri, nakhala pansi ndi nkhope yachisoni, ngati iwonso angomva kumene kuti mkazi wawo sapita kutchalitchi.

Mkulu wa mpango anayamba ndi pemphero lalitali, kenako analowa m'nkhani. Anafotokoza kuti Sabata si tsiku longogona chagada kunyumba, koma ndi nthawi imene Mulungu anaika yekha kuti anthu ake akumane naye ali pamodzi. Anati masiku opatulika a m'malemba nawonso ndi choncho: pa Paskha mpingo umakumbukira imfa ya Ambuye, pa Pentekoste kubwera kwa Mzimu, pa chikondwerero cha misasa ufumu ukudzawo, ndipo palibe limodzi mwa masiku amenewa limene munthu angalisunge ali yekha m'khitchini. Telala ankazidziwa zonsezi. Anabadwira mu mpingo womwewo, ndipo pamene iye ankaimba kwaya, mkuluyo anali akudzandira m'mabala.

Anamulekerera mpaka mpweya unamuthera, kenako anafunsa kuti:

"Ndikapita kosonkhanako, apongozi aziwatembenuza ndani?"

Mkulu anati imeneyo ndi nkhani ya m'banja, maso n'kuponya kwa a Kwalembedwa. A Kwalembedwa anakonza tayi nanena kuti iwo ndiwo amasunga makiyi a tchalitchi, ndipo akapanda kupita, nkhosa za Mulungu zikaima panja. Telala anawayang'ana amuna akewo kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Makiyi ake anali awiri okha, omangirira pa kachingwe, oti ngakhale mphaka akanatha kukawapereka.

Mai busa ndiwo anamaliza uthengawo, ndi mawu ofewa a munthu amene sanachapepo thewera la munthu wamkulu. Anati Paskha wayandikira, ndipo akulu agwirizana kuti telala akapandanso kuoneka chaka chino, dzina lake lidzatchulidwa pamaso pa mpingo ndi kuchotsedwa. Atatero anamugwira dzanja, napeza kuti ndi lonyowa, nalisiya msanga.

Alendo atapita, telala anabwerera kubafa koma nsalu zija sanazione bwino. Mtima unamuwawa kwambiri. Akuluwo iye ankawanyoza ndithu, koma mpingowo unali wake. Ndi kumene anabatizidwa, kumene anamanga ukwati, kumene amayi ake anawaimbira nyimbo yomaliza. Chigwere apongozi ake ndi sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi, iye sanapondeko. Loweruka lililonse ankasitira amuna ake malaya oyera, n'kutsala akusambitsa bambo wa amuna akewo, kuwadyetsa ndi sipuni, kuwapukuta, kuwatsuka zilonda za kuzidendene. Azilamu ake aakazi ankabwera kamodzikamodzi, kulira pakhomo pa chipinda, kujambulitsa ndi wodwala, n'kumapita. Pa chikondwerero cha misasa chathacho, a Kwalembedwa anachoka sabata yathunthu, ndipo anabwerako atanenepa masaya, mawu atasasa ndi kuimba, n'kufunsa ngati madala akupezako bwino asanavule n'komwe nsapato. Yankho sanalidikire.

Masiku otsatira, dikoni anagwidwa ndi changu cha chiyero. Mpingo wawo umachotsa chotupitsa chonse m'nyumba isanafike sabata ya mkate wopanda chotupitsa, ndipo pa ntchito imeneyi a Kwalembedwa analibe mnzawo. Anagubuduza mipando, anakutumula matumba a majekete, anagwada ndi tochi kusuzumira pansi pa kabati kusaka nyenyeswa za buledi. Anafika mpaka m'chipinda cha bambo awo, m'mene anali asanalowemo kwa miyezi. Analowa atabana mpweya, nakweza pilo, napeza kachidutswa ka buledi kamene nkhalambayo inkabisa kuti izinyowetsa mu tiyi. Anatuluka nako atakanyamula m'mwamba ngati agwira mbava. Bambo awowo sanawapatse ndi moni womwe.

Tsiku la Paskha litafika, anaweruka msanga kuntchito. Pa mwambo wa madzulo amenewo anthu amasambitsana mapazi asanalandire mkate ndi vinyo, amuna paokha, akazi paokha. Choncho a Kwalembedwa anakhala kuseri kwa nyumba ndi beseni, sopo wonunkhira ndi mwala, kukwecha zidendene zawo mpaka zinayera mbee. Anawenga zikhadabo, anadzola mafuta pakati pa zala, navala masokosi atsopano. Chaka chilichonse madikoni onse ankatero, kuti m'bale wodzichepetsa akagwada asakapeze kanthu koti n'kutsuka. Pochoka anaima pakhomo nanena kuti iwo mbali yawo achita, amuchenjeza mkazi wawo, ndipo zotsalazo zili pakati pa iye ndi Mulungu.

Telala anadikira kuti makiyi aja asiye kumveka panjira, kenako analowa kwa wodwala. Nkhalambayo inali m'maso. Pamasiku ake inali mmisiri wa matabwa, ndipo mabenchi a m'tchalitchimo inakhoma ndi iyo. Tsopano pakamwa panali patapotoka, mawu ankatuluka movutikira, koma mutu unali bwinobwino.

"Bambo, lero ndi Paskha," anatero telala atagwada pafupi ndi bedi. "Ine ndikufuna ndipite. Kukusiyani nokha sindingathe. Kodi mungakonde kuti tipitire limodzi?"

Apongozi anamuyang'ana. Diso la mbali yamoyo linadzaza misozi. Kenako anakweza dzanja lawo labwino, naloza pamwamba pa kabati pamene panali jekete lawo lakuda.

Telala anawasambitsa, nawaveka. Nsapato zinakana chifukwa mapazi anali otupa, motero anangowaveka masokosi akuluakulu pamwamba pa mabandeji a m'mawa. Nthawi yosintha mabandejiwo inali itakwana, koma sanawasinthe, ndipo sikuti anaiwala. Mai woyandikana naye nyumba anamubwereka mpando wamatayala umene unatsala amuna ake atamwalira, namuthandiza kunyamula wodwalayo. Zosamba iye mwini panalibe nthawi. Anangovala diresi loyera limene linali litayamba kumukhwepa, napisa mapazi m'mapatapata, n'kuyamba kukankha.

Msewu unali wokumbika, tayala limodzi linkakokera kumanzere, ndipo anafika dzuwa litangolowa, thukuta lili kamukamu, fumbi lafika m'maondo. Anapeza nyimbo yoyamba itatha, anthu akugawikana: akazi kuchipinda cha kumanja, amuna cha kumanzere, aliyense ndi thaulo paphewa. Phokoso la matayala litamveka pakhomo, mitu yonse inatembenuka. Okalamba ena anaizindikira nkhalambayo nayamba kuiyandikira mokondwa. A Kwalembedwa, amene anaima kutsogolo ndi mulu wa mabeseni, anauma ngati chitsa.

Anafika pafupi ndi mkazi wawo akumwetulira kuti anthu aone, koma mawu anatulukira m'mano.

"Mai a ana, mwawabweretseranji kuno? Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Munati tisonkhane, bambo. Tasonkhana," anayankha telala. "Kwa amuna ine sindilowako. Alandireni bambo anu."

Anasiya zogwirira za mpando m'manja mwawo, natenga thaulo pamulu, nalowa kwa akazi osacheuka.

Zitseko za zipinda ziwirizo zinali zoyang'anizana, ndipo pamene anakhala ankatha kuona mbali ina ya kwa amuna. Anali asanaonepo abale akupeza anzawo mwachangu chotero. Kuphethira kamodzi, aliyense anali atagwira kale mnzake wa mapazi onunkhira sopo. Mkulu wa mpango anachita kulumpha benchi kuti akagwire dikoni wina wa kungodya. Pakati pa chipinda panatsala mpando wamatayala ndi a Kwalembedwa, beseni lili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosochera pamsika. Abusa, amene anali munthu wachikulire wosachedwa ndi mawu, anangowalozera pansi. A Kwalembedwa anakoka thalauzi lawo lositidwa bwino, nagwada.

Kwa akazi nako kunachitika zofanana. Amayi anaona fumbi la m'miyendo ya telala, ndipo mwadzidzidzi aliyense anakumbukira kuti anapangana kale ndi wina. Anatsala mai busa. Telala anavula mapatapata osapepesa, naika phazi limodzi m'beseni, madzi n'kusanduka matope nthawi yomweyo. Anayembekeza kuti mai busa angowaza timadzi pamwamba n'kupukuta. Koma maiyo, atazengereza pang'ono, anagwira chidendene chong'ambikacho ndi manja onse awiri nayamba kuchitsuka mofatsa. Wina anayambitsa nyimbo chapansipansi, ena n'kulandira, ndipo telala anangozindikira kuti pakamwa pake payamba kale kuimba mawu ake akale a kwaya. Anali atabwera ndi mkwiyo wokhawokha, wokonzeka kunyoza aliyense, koma misozi inamugonjetsa. Zaka zonsezi iye ndiye ankagwira thupi la munthu wina, ndipo panalibe amene anamugwirapo iye. Anazisowa zimenezi, ndipo zinamupsetsa mtima kuti anazisowa chotere.

Nyimbo isanathe, amayi a pafupi ndi khomo anayamba kunong'onezana. A Kwalembedwa anali ataima pakhomo la akazi, pamene mwamuna saima pa mwambo umenewu. Tayi inali itapita paphewa, mikono ya malaya yonyowa, nkhope itagwa. Vesi analibe.

"Mai a ana," anaitana motsitsa, "bandeji yamatirira pachilonda. Akumva kuwawa. Sindinkadziwa kuti mapazi awo anafika pamenepa. Tabwerani mudzandithandize."

Chipinda chonse chinadikira kuti telala adzuke, monga ankadzukira nthawi zonse. Iye anapukuta misozi ndi nsonga ya thaulo, nawayang'ana amuna akewo bwinobwino.

"Inyowetseni ndi madzi ofunda, muziichotsa pang'onopang'ono, ndipo muziwalankhula pochotsapo. Ndi bambo anu, sakulumani," anatero. "Ine ndili pa mapemphero."

Anatembenukira kwa mai busa, naika phazi lachiwiri m'beseni.