Litchowa la Herode

Pa Lungwena ponse panalibe munthu wolemba kanthu kopitirira mizere iwiri osabwera nako kwa ine. Dzina langa ndi Marko, ndinali mphunzitsi wa Chichewa pa pulayimale ya kwathu komweko, ndipo ndinali ndi botolo la inki yofiira lomwe ndinkalikonda kuposa abale ena a mkazi wanga. Wopeka nyimbo ya kwaya, wokonza mawu okalankhula pa ukwati, ngakhale ogulitsa nsalu a kumsika akalemba ndakatulo, onse ankathera pakhonde panga. Ine ndinkavala magalasi, kutsokomola kaye, n'kuyamba kukhwatcha. Pepala linkabwerera kwa mwini wake ngati lachokera kophera mbuzi. Ndinkati ndikuthandiza anthu. Mkazi wanga Keti ankati ndimangomva kukoma.

Amene ankandilawa kwambiri anali Simioni, mkulu wa kwaya kutchalitchi kwathu kwa Angilikani, msodzi wa usipa mkati mwa sabata, bambo wa ana odzaza mphasa. Chaka ndi chaka ankalemba sewero la Khirisimasi, ndipo chaka ndi chaka ndinkalibweza lili psuu. "A Simioni, mngelo wanuyu akulankhula ngati kalaliki wa kwa DC. Nanga abusa awa akudabwa chiyani, si mwawauza kale?" Iye ankangoti, "Zikomo aphunzitsi," n'kukwera njinga kukalembanso. Sindinamuuzepo ngakhale kamodzi kuti walemba bwino. Ndinkaopa kuti angatupe mutu.

Tsono chaka china, tikukonzekera chikondwerero cha ufulu mu Julaye, mwana wina anandibweretsera ndakatulo yoti ana asukulu akalakatule. Panalibe dzina. Ine, chitsiru cha magalasi, ndinayesa kuti walemba ndi mwana wa Sitandade sikisi. Munali "zikomo, zikomo, zikomo" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinakhwatcha theka lonse n'kulemba m'mbali ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUNO MULIBE KANTHU. Osadziwa kuti mwini wake ndi a Jaffalie, tcheyamani wa Chipani m'dera lathu.

M'mawa mwake achinyamata a malaya ofiira anadzanditenga m'kalasi choko chili m'manja. Anakandikhazika pa dothi kutsogolo kwa ofesi ya Chipani, ine mphunzitsi wa tayi. A Jaffalie anatambasula pepala lija pabondo.

"Aphunzitsi, tithandizeni. Ife umu tikuthokoza chifukwa cha msewu, chipatala ndi mtendere. Inu mukuti mulibe kanthu. Mulibe kanthu muti? Mumsewu, kapena mumtendere?"

Abale inu, ndinatuluka thukuta m'malo omwe sindinkadziwa kuti mumatuluka thukuta. Ndinati ndimanena kalembedwe chabe. Iwo anati kalembedweko n'kawo. Mapeto ake anagamula kuti ndikailakatule ndekha ndakatuloyo pamsika, yonse, ndi theka lomwe ndinakhwatcha lija. Ndinailakatula dzanja lili pachifuwa mpaka amayi ogulitsa utaka anaimba nthungululu. Kunena zoona, palibe ndakatulo ina yomwe ndinailakatulapo mwaluso ngati imeneyo.

Nditafika kunyumba ndinapereka botolo lija kwa Keti. "Tengani, ine ndatopa ndi zolemba za anthu." Keti sanafunse zambiri. Anayamba kupaka inkiyo m'miyendo ya anapiye ake kuti asamasokonekere ndi a kwa aneba.

Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera ndi pepala ndinkangolembapo ndi bolopeni ya buluu kuti "Zabwino kwambiri." Osawerenga ayi. Ndinkangotembenuza masamba kwinaku ndikugwedeza mutu. Ndipo moyo unakoma, ndikukuuzani! Anthu omwe kale ankapatuka akandiona anayamba kundipatsa moni patali. Ena ankasiya chambo pakhomo. Ndinanenepa mpaka lamba anafunika bowo lina. Koma mumtima ndinali wokwiya, ndipo ndinkadziuza kuti awa ndi anthu osayamika, adye zolemba zawozo momwe ziliri.

Mu Novembala Simioni anabwera ndi sewero lake atalikulunga m'pulasitiki kuopa mvula. Anandipeza ndikusewera bawo ndi a hedi, ndipo ndinali pafupi kuwadya. Ndinatembenuza masamba ndi dzanja lamanzere, maso ali pa bawo, n'kulemba mawu anga aja. Simioni anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, zoona izi?"

"Zoona, a Simioni."

Maso ake analengeza misozi. Anachoka akuimba, njinga akuikankha, ataiwala kuti n'njokwera.

Khirisimasi itayandikira anandiitana kukaonerera akuyeserera sewerolo masana ena kuseri kwa tchalitchi. Ananditulutsira mpando wa abambo wansembe, wokhala ndi khushoni. Kenako anaimirira pamaso pa kwaya yonse n'kunena kuti, "Sewero la chaka chino aphunzitsi alivomereza popanda kukhwatcha ngakhale chilembo chimodzi. Ndiye poti n'labwino chonchi, ndaitana a Jaffalie ndi akuluakulu a Chipani ochokera ku Mangochi boma kuti adzakhale kutsogolo. Avomera." Anthu anaomba m'manja. Nanenso ndinaomba, ndikudzimva ukulu pa khushoni paja.

Mngelo anabwera, abusa anagwa pansi, zonse bwinobwino. Kenako ng'oma inalira, ndipo amayi a kwaya anatulukira akuvina mozungulira, zitenje zofanana, akuimba zotamanda mfumu Herode. Pakati pawo panali Simioni mwini, ndiye ankasewera Herodeyo. Anavala suti yakuda yobwereka, chipewa, magalasi akuda, ndodo kumanzere, ndipo kumanja litchowa la mchira wa ng'ombe. Ankayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, akukupiza litchowa lija pamitu pa amayi. Atafika kutsogolo analikweza m'mwamba n'kulamula asilikali kuti akaphe ana onse a ku Betelehemu.

Mayo ine! M'dziko monse muno munali munthu mmodzi yekha woyenda ndi litchowa pakati pa amayi ovina, ndipo chithunzi chake chinali pakhoma m'sitolo iliyonse. Anthu anatengedwapo pa zazing'ono kuposa izi, osabwererako. Ndinayang'ana uku ndi uku. Akuluakulu a mpingo anali chete, wina akuyang'ana zikhadabo zake, wina kumwamba. Anaona, koma ndani akanayamba? Wonena kuti Herode akufanana ndi uje ndiye kuti iyeyo ndi amene wawafananitsa. Komanso aphunzitsi anali atavomereza kale. Ndipo m'gulu la ovinawo munali Dinala, mkazi wa Simioni, khanda lili kumbuyo, akumwetulira mwamuna wake.

Ndinadzambatuka pa khushoni. "Basi! Imani! Izi ndi zonyansa, a Simioni. Patseni sewerolo." Ndinalilanda m'manja mwa wokumbutsa mawu n'kuyamba ulendo wa kunyumba, anthu kukamwa kuli yasa.

Botolo ndinakalipeza pamwamba pa khola la nkhuku, nthenga ili momo. Keti anandiona ali pa mtondo. "Bambo a Enid, matenda aja ayambiranso?" Ndinakhala pakhonde n'kuwerenga sewerolo, tsopano kuwerenga kwenikweni. Litchowa linalimo, suti inalimo, zonse zolembedwa poyera pa tsamba lomwe ndinalitembenuza ndi dzanja lamanzere. Ndinakhwatcha mpaka pepala kubooka. Koma nditafika pamene Mariya akukulunga mwana kuti athawe naye, akumuimbira kuti asalire poti asilikali angamve, cholembera chinaima chokha. Msodzi ameneyu anali ataphunzira kulemba. Zaka zonse zija ankandimvera, ndipo ine tsiku lomwe anabweretsa chinthu chenicheni ndinali pa bawo. Ndinachita manyazi, komanso ndinakondwa kwambiri, zonse nthawi imodzi.

M'mawa ndinakamupeza kugombe akusoka ukonde. Sanandipatse moni. Asodzi anzake anali pafupi, ndiye ndinakweza mawu monga kale.

"A Simioni, Herode wa suti munamuwerenga m'Baibulo liti? Telala wake anali ndani ku Yudeya? Nanga magalasi akuda anakawagula kuti, ku Chiponde?"

"Munati n'zabwino kwambiri," anatero osadzutsa mutu.

"Lero ndikuti n'zoipa. Litchowa lichoke. Amayi ovina achoke, akakhale angelo. Herode avale nsalu ya pabedi ndi chisoti cha katoni ngati Herode aliyense."

Apo anaponya ukonde pansi. Ndinali ndisanamuonepo Simioni atakwiya. "Mwandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga, aphunzitsi! Inu nomwe munkati Herode wanga saoneka ngati mfumu, akuoneka ngati wogulitsa makala. Ndiye ndamukonza. Mfumu yaikulu imaoneka choncho. Nanga ine mfumu ina yaikulu ndinaionera kuti?"

"Eya," ndinatero, tsopano motsitsa mawu. "Munaionera kuti?"

Ndinangomuyang'ana m'maso, osaphethira. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Anacheukira asodzi aja, kenako kumtunda komwe kunali nyumba yake, ana akusewera pabwalo. Anakhala pa mchenga.

"Katoni ilipo kunyumba," anatero.

Pa tsiku la Khirisimasi Herode anatulukira atakulunga nsalu ya pabedi ya maluwamaluwa, chisoti chikumugwera m'maso. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Mariya ataimba nyimbo ija, tchalitchi chonse chinati zii, ndipo ndinaona mmodzi wa akuluakulu a ku boma akupukuta m'maso. Potuluka a Jaffalie anagwira Simioni chanza n'kunena kuti Herode ameneyu anali munthu woipa zedi. Simioni anavomera kuti inde, anali woipa. Litchowa lija Dinala anali atalisonkhezera pamoto.

Chaka chatsopano chitangolowa, Simioni anatulukiranso pakhonde panga ndi pulasitiki yake. Linali sewero la Pasaka.

"Muli Pilato umu," anatero. "Sindichoka mpaka muwerenge ndikuona."

Ndinati ndiyambe ndamuuza zomwe ndinalephera kunena kugombe. "A Simioni, paja pa Mariya paja, kunena zoona munalemba bwi..."

"Ayi, aphunzitsi, chonde." Anakweza dzanja. "Zaka zonse munkandinyoza ndi inki yanuyo, ndinkapita kwathu n'kukagona mwamtendere ana anga ali pomwepo. Tsiku limodzi lokha lomwe munanditamanda, anawo akanakula opanda bambo. Inu muzingokhwatcha."

Ndinavala magalasi, kutsokomola, n'kutsegula tsamba loyamba. Keti anatuluka m'nyumba, anaona botolo lili patebulo, n'kufunsa kuti nanga anapiye ake aziwapaka chiyani. Ndinamuuza kuti atenge bolopeni ya buluu ija, ine ndilibe nayo ntchito.