Nyumba ya Njerwa Pachikamwini

Masiku amene Limbe anali siteshoni ya sitima, fakitale ya fodya ndi timasitolo ta amwenye towerengeka, panalibe munthu woyenda msewu wa ku Chigumula amene sankaidziwa nyumba ya a Bennet. Inali ya njerwa zootcha, zofiira ngati chiwindi, denga la malata, khonde kuzungulira ponseponse, ndi mazenera a galasi amene amtengatenga ankadziyang'aniramo akatula katundu. Azungu odutsa pa gareta ankacheuka. Ena ankafunsa kuti mwini wake ndi bwana uti, ndipo a Bennet ankatulukira pakhonde, chipewa atapendeketsa, nkudziguguda pachifuwa.

"Bwana wake ndi ameneyu."

Munthuyo anali atayenda, osati masewera. Anabadwira kwa Katunga, kuchigwa kotentha kuja, nakwera sitima za pamadzi mpaka ku Chinde ndevu zisanamere. Ku Beira anamanga nyumba zosungiramo katundu, ku Halale anamanga matchalitchi, ku Joni analowa pansi pa nthaka nkutulukako ndi mano ake onse. Akayamba kusimba za maulendowo, ngakhale wothamangira kumsika ankatula dengu. Atabwerera kuno anakwatira Alefa, mkazi wa mawu ochepa ndi phwete lalikulu, nakakhala kwawo kwa mkaziyo monga mwambo unenera, pamalo a mbumba yawo m'mbali mwa msewu.

Tsiku limene anayamba kuponda dothi la njerwa, mlamu wawo Stafford, mchimwene wake wa Alefa, anawaitanira pambali.

"Alamu, mkamwini amamanga ya mitengo ndi udzu. Zikavuta amangopinda mphasa yake nkumapita. Njerwazi mudzazisenza pamutu?"

"Ndamangira Apwitikizi, ndamangira Mabunu," anatero a Bennet. "Ndilephere kumangira mkazi wanga? Katungeni madzi, alamu, dothi likuuma."

Nyumba itatha, inayamba kuitana zinzake. Anthu obwera kudzagwira ntchito kunjanji ndi kufodya ankafuna pogona pafupi ndi Limbe, ndipo ankafika kwa a Ethel, mkulu wake wa Alefa, amene anali mayi wamkulu wa mbumba, kudzapempha pomanga. Woyamba anali Che Sumaili, telala Wachiyao, amene anaika makina ake pakhonde la a Bennet pomwepo. Mkazi wake Hajira ankakazinga zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Kenako kunabwera Alomwe, Asena, ngakhale Atonga olembera mumaofesi a ku Kabula. A Bennet anawakumbira chitsime nachimangira njerwa mpaka pansi, ankawabwereka chikombole choumbira, ndipo Loweruka ankazungulira mudzi wonse kunyoza makoma a anthu.

"Khoma ili lamwa kachasu wa ndani? Gwetsani, tiyambirenso."

Ankanyoza, koma ankavula malaya nkuthandiza kumanganso. Posakhalitsa malowo anthu anangowatchula kuti pa Njerwa. Akhristu ankapita kutchalitchi, Asilamu kumzikiti, koma chitsime chinali chimodzi, ndipo maliro akagwa fosholo zinkatuluka m'nyumba zonse.

Nkhondo ya Jeremani itatha kunabwera chimfine chachikulu chija. Chinalowa pa Njerwa ngati moto wa m'dambo, chinatenga achikulire ndi makanda, ndipo pomaliza chinatenga Alefa. Mulungu anali asanawapatse mwana. A Bennet anatsala okha m'zipinda zonse zija, mapazi awo akumveka ngati a mlendo.

Maliro atametedwa, nkhani ya kusudzula inayamba kumveka. Mwambo wake ngodziwika: mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamuna, kumpatsa kanthu m'manja ndi kumuuza kuti ukwati watha bwino, apite kwawo akaone zina. Mwamunayo amanyamula zake zonyamulika. Zomera m'dothi zimatsala, pakuti dothi ndi la mbumba.

Masana ena a Bennet anaona Stafford akubwera ndi mmwenye wina wa sitolo ku Limbe. Mmwenyeyo anali waulemu, anapepesa maliro, koma maso ake ankayeza khonde, kuona poika matumba a mchere ndi popachika nsalu. Stafford ankayang'ana pansi.

"Musandione ngati mfiti, alamu," anatero Stafford, mmwenye uja atapita. "Chimfine chatisiyira ana amasiye. Msonkho nawo sudikira. Munthuyu akufuna nyumbayi ya lendi, ndipo mbumba idya."

"Ndani wakuonani ngati mfiti? Ine dziko ndimalidziwa. Ku Beira akamva kuti Bennet wafika, Apwitikizi adzamenyana polimbirana ine."

Ananena mokweza kuti oyandikana nawo amve. Koma atalowa m'nyumba anakhala pa bokosi lawo la zida, mawondo akuwawa. Ku Beira amene ankawadziwa anali atafa kapena kukalamba. Kwa Katunga mudzi wa amayi awo unabalalika kalekale, panatsala mibuyu yokha. Pa dziko lonse limene anayenda, malo okhawo amene munthu akanawaitana ndi dzina anali pa Njerwa, ndipo manda a Alefa anali kuseri kwa chulu, poti nkuwaona uli pakhonde.

Chimene chinawapweteka koposa chinali chete wa anansi awo. Palibe amene anabwera kudzawaletsa. Che Sumaili ankangopalasa makina ake ngati palibe kanthu.

"Ndiye mwati ulendo liti, achimwene?"

"Akangondisudzula."

"Bweretsani jekete ija ndiisoke pachigongono. Apwitikizi asakatiseke kuti pa Njerwa palibe telala."

A Bennet anampatsa jeketeyo. Mumtima anati, ndi ameneyu ndinamulandira pakhonde langa alibe ngakhale mpando.

Tsiku la kusudzula linacha ndi chifunga. Mbumba inakhala pamphasa kutsogolo kwa nyumba, a Ethel pakati. Mayiyo analankhula bwino, anati mkamwini uyu sanamenyepo mwana wawo, sanamugonetsepo ndi njala, anamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Kenako anaika kakhobidi m'dzanja la a Bennet nalifumbatitsa.

"Takumasulani. Kwa ife mulibe mlandu, kwa malemu mulibe mlandu. Njira ndi yanu."

A Bennet anaomba m'manja, anavala jekete yosokedwa ija, nasenza bokosi la zida. Sanacheuke. Anadutsa pachitsime, panalibe munthu. Anadutsa pa zitumbuwa, moto unali wozima. Anatsetsereka mpaka kukamtsinje kamene kanali malire a malo a mbumba, naoloka pa mlatho wa mitengo.

Tsidya linalo anapeza pa Njerwa ponse pali pamenepo. Alomwe, Asena, Atonga a makolala oyera, akazi ndi ana kumsana. Patsogolo panali Che Sumaili atakhala pamwala, nkhuku yathadzi ili m'khwapa.

"Moni, alendo. Ulendowu ngochokera kuti?"

"Sumaili, lero si tsiku la chipongwe."

"Chipongwe chanji? Ine ndikuona munthu wopanda mkazi, wopanda mudzi, bokosi pamutu. Tonse tili panofe tinafika choncho. Tinagwira nkhuku, tinakagwada kwa a Ethel, tinapempha pomanga, anatipatsa. Mpaka lero palibe watisuntha."

"Ine ndinali mkamwini."

"Munali," analowerera Hajira, manja ali m'chiuno. "Mkamwini sapempha malo, amagona pa malo a mkazi wake. Koma inuyo kuyambira m'mawa uno ndinu mkamwini wa yani? Si mwamasulidwa anthu akuona? Tulani bokosilo, bambo, khosi lingathyoke."

A Bennet anatula bokosi pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana anthu. Nzeruyo inali itaphikidwa pachitsime, pakati pa Hajira ndi a Ethel, ndipo mudzi wonse unaisunga osaitaya, ngakhale akazi amene sasunga nkhani kufikira madzulo. Koma panali fupa limodzi lovuta kumeza.

"Ndiye mukuti ine ndikagwade? Ine Bennet? Kupempha nyumba imene ndinaumba ndi manja awa?"

"Nyumba simukapempha ayi," anatero Che Sumaili. "Mukapempha dothi. Ngati pa dothipo papezeka kanthu, limenelo ndi tsoka lanu. Kapena mawondo anatsala ku Joni?"

Anthu anaseka. A Bennet sanaseke. Moyo wawo wonse anali wopemphedwa, wobwereka ena, woitanidwa zikavuta. Anaima nthawi ndithu, njira ya ku siteshoni ili kutsogolo kwawo, yotseguka. Kenako anatambasula manja nalandira nkhuku ija.

Anabwerera ngati ukwati. Mlomwe wina anasenza bokosi, akazi akululutira, nkhuku ikukuwa. Mbumba inali ikadali pamphasa. Stafford anadzidzimuka nadzuka, koma a Ethel sanagwedezeke, anangokonza mpango wawo. A Bennet anavula chipewa, anagwada pa dothi lonyowa, mawondo akulira ngati chitseko chakale.

"Mayi, ndine mlendo. Ndayenda maiko ambiri, ndatopa. Ndikupempha pokhala."

"Mlendo ameneyu akumudziwa ndani?" anafunsa a Ethel, nkhope ili gwa.

"Ife!" unayankha mudzi wonse.

"Khalidwe lake?"

"Pakamwa mpamene pali patali," anatero Che Sumaili. "Koma manja ndi abwino."

"Achemwali, nanga mmwenye uja?" anatero Stafford. "Nanga ana amasiyewa adya mwambo?"

"Khalani pansi, achimwene. Inu mumatiyang'anira, koma dothi ndi la ife akazi. Ana sindinawaiwale." Anatembenukira kwa wogwadayo. "Alendo, malo alipo. Vuto lake pali chinyumba cha njerwa chimene anasiya mkamwini wathu wina wosamva. Kugwetsa sitingathe, ndiye mungopirira nacho. Koma tamva kuti ndinu mmisiri. Mutimangire sitolo kumsewu uko, mvula isanagwe, ya mbumba ino. Mmwenye akalowe mmenemo, ana adye."

A Bennet anatsegula pakamwa. Anafuna kunena kuti sitolo imeneyo idzaposa za ku Beira, kuti azungu a ku Kabula adzabwera kudzaijambula. Koma anangoomba m'manja, kuombanso, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Zikomo, mayi. Zikomo, anthu inu. Ndinkayesa kuti ndine ndinakumangirani mudzi."

Anapereka nkhuku ndi manja awiri. A Ethel anailandira naipatsira Stafford kuti aigwire. Stafford anaitembenuza, anaiyang'ana kumapiko, anaiyang'ana kumiyendo.

"Dikirani kaye. Thadzi ili si langa ili? Lakhala likusowa chiyambire dzana!"

"Lalowa kale mumwambo, achimwene," anatero a Ethel. "Simungalitulutse."

Phwete limene linaphulika pamenepo linamveka mpaka kunjanji. Stafford anayesa kukwiya, koma milomo inamukanika. A Bennet anadzuka mogwirira phewa la Che Sumaili, akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Musadandaule, alamu. Ndikatha sitolo ndidzakumangirani khola la nkhuku loti ngakhale achemwali anu sangalowemo."

"Sindinenso mlamu wanu," anatero Stafford. "Mwaiwala kale?"

"Chabwino, anansi. Mawa mulawire ndi khasu, dothi la kumsewu ndi louma."