Juzi ya Adis

Apolisi anandiimbira foni nditangotsika mu tramu, sitima ya m'misewu ya mumzinda, imene ndimayendetsa. Anati bambo anga, a Nezir, ali m'manja mwawo. Anawagwira pa geti la khoti la mayiko akukankhana ndi alonda kuti alowe. Munthu wokalamba, wa bondo lovuta.

Ndinawapeza atakhala pa benchi, chipewa chili m'manja, jekete itanyoweratu ndi mvula. Wapolisi anali waulemu koma sanabise mawu. "Lero tawakhululukira. Akadzabwereza, tidzawatsegulira mlandu."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Tili pafupi kufika ku Loosduinen, dera la mzinda wa Den Haag kumene timakhala, Ababa anati, "Nermina, amayi ako usawauze."

"Ababa, mukufuna kukafera m'chitokosi?"

"Ndikufuna juzi ya mwana wanga. Ulusi wake ndinagula ndine."

Adis anali mchimwene wanga. Nkhondo itafika m'tauni ya kwathu, kudziko kumene tinachokera, asilikali anasonkhanitsa amuna ndi anyamata pa bwalo la sukulu n'kuwakweza m'malole. Ababa anapulumuka chifukwa tsikulo anali kuphiri kukafuna chakudya. Adis anapita atavala juzi yobiriwira imene Amayi anamulukira. Patapita zaka zambiri, ife tili kale kuno ku Den Haag, ofukula manda anapeza mafupa ake m'dzenje limodzi ndi a anthu ena ambirimbiri. Mafupawo tinakawaika kwathu, koma juziyo sanatipatse. Inatengedwa kukhala umboni pa mlandu wa mkulu wa asilikali amene analamula zonsezo, m'limodzi la makhoti a mayiko a mumzinda uno. Amayi anangoiona pa chithunzi tsiku limene anakapereka umboni wawo.

Mlanduwo unatha, munthuyo ali m'ndende. Ndiye chaka chimenecho madokotala anatiuza kuti khansa ya amayi anga, a Zumreta, yafalikira ndipo palibenso chochita. Amayi sanalire. Anangoti, "Sindikupempha zambiri. Ndingoigwira juziyo ndi manja angawa." Kuyambira pamenepo Ababa ankadzuka m'mawa uliwonse n'kukaima pa geti la khoti.

M'nyumba ya pamwamba pa yathu munkakhala Mayi Wietske Doornbos, amene tinkadziwa kuti amagwira ntchito ku khoti lomwelo. Ababa ankawatcha Mayi Mapepala, chifukwa cha chikwama chodzaza chimene ankamangirira pa njinga yawo. Madzulo a tsiku la apolisi lija ndinakwera masitepe n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera osandidula mawu, kenako anati, "Tiyeni titsike, ndilankhule ndi bambo anu."

Amayi anali atagona kuchipinda. Ababa anaphika khofi wa kwathu n'kumuthira m'timakapu, koma nkhope yawo inali yomanga.

"Aneba, inu mumalowa m'nyumba imene ija tsiku lililonse," anatero. "Juzi ndi kanthu kakang'ono. M'chikwama chanucho ingakwane."

"Ingakwanedi," anayankha Mayi Wietske. "Koma sindingaitenge, ndipo ngakhale ndikanakhala ndi kiyi sindikanatero. Ine si woweruza, komanso sindisunga katundu wa umboni. Ndine mlangizi wa mlembi wamkulu wa khoti. Ndimathandiza kukonza malamulo a mmene khoti liziyendetsera zinthu zake."

"Ndiye ntchito yanu n'kusuntha mapepala kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo?"

Mayi Wietske anaseka pang'ono. "Masiku ena ndi momwemo ndithu. Koma tamverani, Bambo Nezir. Pali mnzake wa munthu uja amene sanagwidwebe. Akadzagwidwa, juzi imeneyo idzafunika. Ikatuluka mwakuba, maloya ake adzaimirira n'kunena kuti umboni unaseweretsedwa, ndipo akhoza kupulumukira pomwepo. Mungakonde zimenezo?"

Ababa anayang'ana pansi.

"Pa geti paja mukungodzizunza," anapitiriza mayiwo. "Alonda alibe mphamvu iliyonse pa nkhaniyi, ndipo mawu anu sapitirira geti. Khoti lili ndi ofesi yoona za mboni ndi anthu amene anazunzidwa. Kumeneko kuli loya wokuimirirani kwaulere. Mukapereke pempho lanu molemba, limodzi ndi kalata ya dokotala yosonyeza kuti nthawi yachepa. Pempho lolembedwa sangalitaye, ayenera kuliyankha."

"Ndiye mukatikankhira kuti liyende msanga?" ndinafunsa.

"Ayi, Nermina. Mawa ndikauza abwana anga kuti ndinu aneba anga, kuti pempho lanu aligwire anthu ena, osati ine."

"Taonani," anatero Ababa, akundiyang'ana. "Kudziwana nawo kwangotibwezera m'mbuyo."

"Ndikuuzeninso zoona kuti musadzadabwe," anatero Mayi Wietske. "Yankho loyamba likhoza kukhala lokana. Mmene ndikudziwira, palibe lamulo lonena za kubweza zinthu za omwalira kwa abale awo. Amene analemba malamulo athu ankaganiza za milandu, sankaganiza za juzi. Koma akakana molemba, ndiye kuti mpata umenewo waonekera poyera, ndipo kutseka mipata yotere ndi ntchito yanga. Inu mufufuze ngati pali mabanja ena amene ali ndi vuto lomweli. Banja limodzi amati ndi nkhani yapadera. Mabanja ambiri amati pakufunika lamulo."

Tinachita zimenezo. Loya anatilandira bwino, n'kulemba pempholo pamodzi nafe. Yankho linabwera monga ananenera Mayi Wietske: khoti likumvetsa chisoni chathu, koma lilibe njira yotulutsira katundu wa umboni. Ababa analiwerenga kawiri, n'kutenga chipewa chawo kulunjika kukhomo.

Amayi anawaitana ali pa bedi. Mawu awo anali atachepa, koma ankamveka.

"Bambo a Adis, mukuganiza kuti sindikudziwa kumene mumapita? Mwana ananditengera ndi asilikali. Mwamunanso ndimupereke kwa apolisi? Pitani kwa anzathu monga anakuuzirani aneba."

Ababa anapita. Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankaimitsa anthu a kwathu mmodzimmodzi. Ankapitanso ku msika waukulu kumene amayi a kwathu amagula tsabola ndi kabichi wofutsa. Zimene anamva kumeneko zinawasowetsa tulo. Mayi wina ankafuna magalasi a mwamuna wake. Wina ankafuna wotchi ya bambo ake. Nkhalamba ina inkafuna nsapato imodzi ya mdzukulu wake, chifukwa mafupa a mwanayo sanapezeke onse. Ambiri anali asanapemphepo, poganiza kuti khoti lalikulu chotero silingamvere anthu wamba. Ababa ankawaperekeza okha kwa loya uja, akutsimphina.

Mayi Wietske sankatiuza za kuntchito. Tikakumana pa masitepe ankangoti, "Zikukambidwa." Nkhaniyo itatha ndi pamene tinamva mmene inavutira. Oimba milandu ankaopa kutaya umboni. Maloya a oimbidwa milandu ankafuna kuti azifunsidwa kaye. Osunga katundu anati zinthu zina zinawola moti zikhoza kudwalitsa munthu. Wina anafunsa kuti abale awiri akamalimbirana chinthu chimodzi, chipite kwa yani. Mayi Wietske ankakhala pansi ndi gulu lililonse, n'kulemba, ena n'kubweza, iwo n'kulembanso.

Nthawi yonseyi Amayi ankangotha. Tinawasamutsira ku nyumba yosamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira. Tsiku lina Ababa anakumana ndi Mayi Wietske pakhomo akumasula njinga.

"Mayi Mapepala, mkazi wanga akufa inu mukukonza mipatuliro ndi mipumiro."

Mayiwo sanadziteteze. Maso awo anali ofiira ndi kutopa. "Ndikudziwa, Bambo Nezir. Mwina sitifika pa nthawi yake, ndipo sindingakulonjezeni. Koma ndikalemba mothamanga, oweruza akalikana lonse, ndipo palibe amene adzalandire kanthu."

Ababa anangodutsa.

Masamba atayamba kuyoyoka, oweruza anavomereza lamulolo. Linati chinthu cha womwalira chikhoza kubwezedwa kwa abale ake ngati chajambulidwa mbali zonse, kachidutswa kake kasungidwa, ndipo mbali zonse za mlandu zamvedwa. Linatinso mabanja amene ali ndi wodwala kwambiri kapena wokalamba aziyamba ndiwo. Loya anatiimbira kuti pempho lathu lili m'gulu loyamba.

Anabwera anthu awiri a ku ofesi ya mboni, atanyamula katoni yoyera. Anatichenjeza kaye panja kuti chinthucho chinakhala m'nthaka nthawi yaitali, ndipo anafunsa ngati Amayi angapirire. Amayi anati atsegule.

Juziyo sinalinso yobiriwira. Inali yotuwa ngati dothi, youma, dzanja limodzi litatha. Kumsana kunali mabowo awiri. Ababa atawaona anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Amayi anaiika pachifuwa n'kuyamba kuisisita pang'onopang'ono, kuyambira m'khosi kutsika.

"Inali yomukulira," anatero. "Ndinkati akula nayo."

Anamwalira mwezi usanathe, juziyo ili pambali pawo. Mayi Wietske anabwera pa maliro, anaima kumbuyo. Ababa anapita okha kwa iwo n'kuwagwira dzanja nthawi yaitali. Sanawatchenso dzina lija.

Kuchokera pamenepo mabanja ambiri alandira zinthu za abale awo, ena ali kuno, ena kwathu, ena kumayiko akutali amene sitinawaonepo. Ababa amathandizabe anthu kufika kwa loya uja.

Phunziro limene banja lathu linatolapo ndi ili. Ukakhala ndi dandaulo ku khoti kapena ku ofesi iliyonse yaikulu, usalimbane ndi alonda pa geti, ndipo usapemphe wodziwana naye kuti akuphwanyire lamulo. Funsa ofesi yoyenera, pereka pempho lako molemba, ndipo funa yankho lolembedwa. Akakukaniza chifukwa lamulo palibe, usagwe ulesi: funa anzako a vuto lomwelo mukapemphe pamodzi. Malamulo amalembedwa ndi anthu, ndipo alangizi amene amawakonza sangadziwe pamene pakupweteka ngati ife eni ake sitinena.