Foni ya a Wessel m'dengu

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa a Wessel, mipando anaiika mozungulira pabalaza monga mwa nthawi zonse. Mlendo aliyense polowa ankagwira chanza wina aliyense n'kumufunira mafuno abwino, ngati kuti onsewo anathandiza nawo kubereka a Wesselwo. Mwana wawo Jorien, wa zaka khumi ndi zisanu, anagwiridwa chanza mpaka dzanja kuwawa. Womufunsa kuti wadzuka bwanji panalibe.

Kusukulu anawapatsa pulogalamu ya pafoni, yokongola zedi. Tsiku likayenda bwino umadina chobiriwira, likavuta chachikasu. Ukadina chofiira, kusonyeza kuti maganizo odzipha akukulira mphamvu, uthenga umapita kwa munthu mmodzi amene unamusankha, ndipo foni yake imalirabe mpaka awerenge. Jorien anasankha bambo ake. Masana amenewo, alendo akuimika njinga panja, anadina chofiira koyamba m'moyo mwake.

Ndiye a Wessel, bambo wa nzeru zamakono, anatulukira ndi dengu.

"Mafoni onse muno! Lero ticheze ngati anthu."

Yawo inalowa yoyamba, popereka chitsanzo chabwino.

Khofi anabwera, ndi keke kagawo kamodzikamodzi. Posakhalitsa m'dengu munayamba kulira.

"Mwamva?" anatero a Wessel monyadira. "Matenda amenewo. Ana a masiku ano amadandaulira foni makolo ali pompano. Koma Jorien wanga amadziwa, chilichonse amandiuza ine. Eti Jorien?"

"Uli ndi mwayi iwe," anatero a Hanneke, azakhali ake a Jorien, tchizi kukamwa. "Ife tinkangokalirira kubafa."

Onse anaseka. M'dengu munaliranso. Jorien anagwidwa ndi mantha, poti ankadziwa kuti akangokhala chete lero sadzapemphanso thandizo kwa munthu.

"Ya ndani yosamvayo?" anakalipa a Wessel. "Mwini wake atsuka mbale zonse."

"Ndi yanu, adadi."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndatumiza ndine."

A Wessel anatola foni akumwetulirabe alendo, n'kuwerenga. Kumwetulira kunathera pomwepo. Koma chizolowezi n'chouma mutu, chala chawo chinathamangira pa kalendala.

"Mwanangu, alendowa akapita... kapena Lachinayi, ndili ndi mpata..."

"Panopa, adadi."

Anamuyang'ana mwanayo bwinobwino. Foni ija anaigwetsera pampando.

"Hanneke," anatero, "perekeza anthuwa. Onse."