Simbi ya Baba Lazalo

Esnat anapeza botolo la mapiritsi pawindo, pafupi ndi kapu ya bambo ake. Linali lodzadza mpaka m'khosi.

Bambowo, a Lazalo, anali atawaika m'manda Lachiwiri. BP ndiyo inawatenga. Collen, mlongo wake wa Esnat, analowa akupukuta manja.

"Mwaliona, sisi?"

"Ndaliona."

"Homuweki ya ana anu a ku yunivesite ndi imeneyo."

Ku Harare Esnat ankaphunzitsa za khalidwe la anthu. Anatopa ndi ophunzira oloweza mabuku, nasintha kosi yonse. Pitani kumene kuli anthu, ankatero. Musaloze munthu chala, onani zonse zomuzungulira. Gulu lina analitumiza kuno, ku komboni ya pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi, kumene okalamba ankaiwala mankhwala.

Anawo anapeza njira. Botolo likhale pafupi ndi kapu ya tiyi. Simbi ya ku shedi, chitsulo chomenya ngati belu, ikalira m'mawa kuitana osankha fodya, aliyense amwe. Zinayenda. Esnat anakazikamba pa msonkhano, anthu n'kuwomba m'manja.

Kenako fodya anatha. Shedi inatsekedwa, simbi inakhala chete. Ophunzira anali pa mayeso. Esnat anakulira m'tauni kwa azakhali. Sanaganizepo zoti simbi ili ndi nyengo yake.

"Chaka chino mubweretsanso ena?" anafunsa Collen. "Tatsala ife. Musankhe woti aphunzirirepo."

"Sindikudziwa ngati ndibwererenso m'kalasimo."

Pakhomo panaima Ambuya Adélia a nyumba yoyandikana, kapu ili m'manja.

"Ana inu, kukangana mudzapitiriza. Lero atilizira ndani?"

"Kuliza chiyani, ambuya? Shedi ndi yotseka," anatero Esnat.

Ambuyawo anangotembenuka. Awiriwo anawatsatira, kudutsa pa mpopi, mpaka kumapeto kwa komboni. Pa mtengo wa mango panalendewera khasu lakutha, lomangidwa ndi waya. Pansi pake panali bawuti.

"Shedi itatsekedwa, baba wako anapachika ili. Ankati kuno n'kokwera, limveka ponseponse. M'mawa uliwonse, ngwee. Ati ana a Esnat asalephere mayeso chifukwa cha nkhalamba zoiwala."

"Nanga awo ankamwa nthawi yanji?" anafunsa Esnat.

"Akaliza ankayamba kuzungulira makomo. Wamwa iwe? Ndionetse lilime. Pofika kwawo dzuwa lili pamutu, tiyi waiwalika."

Esnat anacheuka. Nyumba ya bambo ake inali kutali, denga lokha likuoneka.

Collen anakanda pansi ndi nsapato.

"Ndinkawaona akutuluka, sisi. Tsiku lililonse. Botolo lili pomwepo pawindo. Sindinafunsepo."

Ambuya Adélia anatambasula kansalu kamene anamangamo piritsi lawo, nadikira.

Esnat anatola bawuti ija. Mbali yogwira inali yosalala. Anamenya khasulo kamodzi, mwamantha. Anamenyanso mwamphamvu.

Kumunsi, zitseko zinayamba kutseguka.